Bondo, simenti ndi siponji: physics ya zotetezera maondo

Lachinayi lapitali, titachoka ku masewero, mtsikana wina wa Fomu 3 ananditsatira atanyamula jumbo. M'jumbomo munali ma knee pad awiri akuda, okhala ndi chigoba cha pulasitiki cholimba gwa kutsogolo kwake ndi malamba awiri kumbuyo. Akuti ndi a malume ake, mmisiri woika matailosi m'nyumba za anthu. Mtsikanayu amasewera volleyball, ndipo bondo lake lakumanja linali ndi chilonda chatsopano pamwamba pa chipsera chakale. Funso lake linali lachidule: "Aphunzitsi, ndingamavale amenewa posewera?"

Ndinamuyankha kuti ayi. Iye sanakhutire, ndipo anachita bwino kusakhutira, chifukwa knee pad ndi knee pad basi, sichoncho? Imavalidwa pabondo, imateteza bondo. Nanga ya malume yalakwanji?

Yankho lake lili m'mitu iwiri yomwe mumailemba pa mayeso: pressure ndi momentum. Bondo limavulala m'njira ziwiri zosiyana kwambiri, pogwada nthawi yaitali ndi pogwa mwadzidzidzi. Chotetezera chopangidwira vuto loyamba sichiti chithana ndi lachiwiri. Mukamvetsa kusiyana kumeneku, kusankha sikuvutanso, ngakhale muli pa kaunjika pomwe palibe wokufotokozerani kanthu.

Kugwada ndi nkhani ya pressure

Pajatu pressure ndi force yogawidwa ndi area: P = F/A. Timaiyeza mu pascal, dzina lochokera kwa Blaise Pascal wa ku France, yemwe anabadwa mu 1623 n'kumwalira mu 1662. Pascal imodzi ndi newton imodzi pa square metre imodzi, kanthu kochepetsetsa, n'chifukwa chake timakonda kunena za kilopascal, kPa.

Titenge wophunzira wa makilogalamu 60. Pogwiritsa ntchito g = 10 N/kg ngati momwe timachitira m'kalasi, weight yake ndi 600 N. Akaima chilili, kulemera konseku kuli pa mapazi awiri. Tiyerekeze kuti mbali ya mapazi yomwe ikukhudzadi pansi ndi 300 cm², kapena kuti 0.03 m². Pressure ikhala 600 ÷ 0.03 = 20,000 Pa, yomwe ndi 20 kPa. Phazi silidandaula. Khungu la kuphazi ndi lokhuthala, ndipo pansi pa chidendene pali mafuta ochindikala ngati khushoni yobadwa nayo.

Tsopano agwade pa simenti. Kulemera kwina kupita ku zala za kuphazi, tinene 100 N, ndipo 500 N yotsalayo ikhala pa maondo. Koma bondo ndi lobulungira pomwe simenti ndi yafulati ndipo siigonja, ndiye malo okumanirana ndi ochepa. Tinene 10 cm² bondo lililonse, onse awiri 20 cm², yomwe ndi 0.002 m². Werengerani nokha: 500 ÷ 0.002 = 250,000 Pa, 250 kPa. Munthu ndi yemweyo, kulemera sikunasinthe, koma pressure yakwera kuposa ka 12. Kuti muione bwino nambalayi, mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono umakhala pakati pa 200 ndi 250 kPa.

Ma area ndawatchulawa ndi oyerekeza chabe, osawaloweza. Anu mutha kuwayeza. Pakani choko pabondo, gwadani pa graph paper yoyalidwa pa simenti, kenako werengani timabokosi tomwe tadetsedwa. Ngati kunyumba kapena ku labu kuli sikelo yoyezera anthu, gwadani pa sikeloyo zala za kuphazi zili pa buku lokwera mofanana nayo, muone gawo la kulemera kwanu lomwe likudutsa m'maondo. Ambiri amadabwa.

Ndiye pali kamwala. Aliyense amene anagwadapo pa bwalo la timiyala akudziwa zomwe ndikunena, ndipo ena a ife tinakula nthawi yomwe chimenechi chinali chilango cha ochedwa. Kamwala kakhale ndi nsonga ya 0.25 cm², ndipo kalandire 100 N yokha mwa kulemera kwanu. Area imeneyo ndi 0.000025 m², ndiye pressure ndi 4,000,000 Pa. Mamiliyoni anayi. Ndi physics yomweyo ya msomali, singano ndi mpeni wonola: force yochepa pa malo ochepetsetsa.

Knee pad ya wogwada ntchito yake ndi kukulitsa A. Siichotsa kulemera kwanu ngakhale newton imodzi. Chomwe imachita n'chakuti imabonyezeka motsata maumbidwe a bondo, kotero kuti m'mbali mwa bondo ndi kumtunda kwa fupa la mwendo nakonso kumasenzako katundu. Area ikachoka pa 10 cm² kufika pa 50 cm² bondo lililonse, pressure itsika kuchoka pa 250 kPa kufika pa 50 kPa. Agogo athu ankazidziwa izi popanda fomula. Nkhata yomwe mayi amaika pamutu posenza ndowa ya malita 20 siipepukitsa madziwo. Imangowagawa pa mutu wonse m'malo moti akhale pa liwombo pokha. Chimodzimodzi chitenje chopindapinda kapena thumba lomwe munthu amagwadira pozira nyumba.

Chili pansi pa khungulo n'chiyani

Gwirani kutsogolo kwa bondo lanu mwendo uli wowongoka. Kafupa kozungulira kamene kakusunthako ndi patella. Pakati pa kafupako ndi khungu palibe nyama yoti n'kuitchula. Pali kathumba kopyapyala kokhala ndi timadzi pang'ono, kotchedwa bursa, komwe kamathandiza khungu kutsetsereka pamwamba pa fupa mukamapinda mwendo. Kathumbaka kakapanikizidwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, kamatupa n'kudzaza madzi, mpaka bondo kuoneka ngati mwabisamo dzira. Madokotala amati prepatellar bursitis. Angerezi anaipatsa dzina loti housemaid's knee chifukwa inkagwira kwambiri antchito a m'nyumba omwe ankakwecha pansi chogwada, ndipo m'migodi ya malasha ya ku Britain, momwe anthu ankakumba atagwada m'mikwaso yaifupi, ankaitcha beat knee. Lero imagwira oika matailosi, mapulambala, amakanika ndi olima m'madimba. Malume a mtsikana uja sanagule zotetezerazo pofuna kutchena.

Kugwa ndi nkhani ina

Wosewera volleyball sagwada maola asanu. Vuto lake limatenga kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Amadziponya kuti apulumutse mpira, bondo n'kumenya pansi lili pa liwiro, kenako n'kuima. Funso la physics apa ndi lakuti: laima mu nthawi yaitali bwanji?

Lamulo lachiwiri la Newton tingalilembe motere: force ndi kusintha kwa momentum kugawa ndi nthawi, F = (mv − mu)/t. Momentum yomwe bondo lafika nayo pansi iyenera kutha yonse, zivute zitani. Mulibe mphamvu pa zimenezo. Chomwe mungasinthe ndi t.

Tiyeni tiikemo manambala. Bondo la munthu woima lili pafupifupi 0.45 m kuchokera pansi. Chinthu chogwa kuchokera pamenepo chimafika ndi liwiro la v = √(2gh) = √(2 × 10 × 0.45) = 3 m/s. Si thupi lonse lomwe limaimitsidwa ndi bondo pa kamphindi koyambako, ndiye tiyerekeze kuti mass yokhudzidwa ndi 10 kg. Momentum ndi 10 × 3 = 30 kg m/s. Pa simenti, chokhacho chomwe chingagonje ndi khungu ndi timinofu tochepa tija, mamilimita owerengeka. Tinene bondo laima mu masekondi 0.004. Force ndi 30 ÷ 0.004 = 7,500 N. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba 15 a simenti a 50 kg, pa kafupa kamodzi, kwa kanthawi kochepa zedi.

Valani knee pad yomwe ikutalikitsa nthawiyo kufika pa masekondi 0.012. Force itsika kufika pa 30 ÷ 0.012 = 2,500 N. Mumvabe kuti mwagwa, koma mudzuka n'kupitiriza masewero.

Ndimakonda kuwerengera kachiwiri pogwiritsa ntchito energy, chifukwa njira imeneyi imaonetsa chinthu chomwe mutha kuchigwira ndi manja. Kinetic energy ya bondolo ndi ½mv² = ½ × 10 × 9 = 45 J. Kuti energy imeneyi ithe, pansi payenera kugwira work yofanana nayo, ndipo work ndi force kuchulukitsa ndi mtunda. Pa simenti mtunda woimira unali 6 mm: 45 ÷ 0.006 = 7,500 N. Ndi knee pad unakhala 18 mm: 45 ÷ 0.018 = 2,500 N. Mayankho afanana ndi oyamba aja, monga ziyenera kukhalira. Koma taonani chomwe fomulayi ikutiuza. Chomwe mukugula mukamagula knee pad yogwera ndi mamilimita. Mamilimita 12 oonjezera oti bondo liyendemo likuchepetsa liwiro. Ndi nzeru yomweyo yomwe imapangitsa goloboyi kubweza manja kumbuyo powakha mpira wamphamvu, yomwe imakupangitsani kupinda maondo mukadumpha kuchokera pa khonde, komanso yomwe inapangitsa opanga magalimoto kuti kutsogolo kwa galimoto kuzipindika pa ngozi.

Chofewa kwambiri chimanama

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika pogula. Munthu amatenga knee pad, kuidina ndi chala, n'kumva kufewa ngati buledi wa lero, basi wagula. Koma chala chanu chikudina ndi ma newton mwina 20 kapena 30. Bondo likubwera ndi masauzande.

Siponji ndi pulasitiki kapena labala yodzaza ndi timaenje ta mpweya. Mukayamba kuidina pang'ono, imatsata Hooke's law: force ikawirikiza, kubonyezeka nako kumawirikiza. Mukapitiriza, timakoma ta timaenje tija timayamba kupindika, ndipo siponji imabonyezeka mtunda wautali force isakukwera kwambiri. Gawo limeneli ndiye lagolide, ndi pomwe energy yambiri imamwedwa. Koma timaenje tonse tikatsekeka, mpweya watha, chatsala ndi pulasitiki yokhayokha yophwatalala. Kuyambira pamenepo siponjiyo ndi yolimba pafupifupi ngati simenti ili pansi pakeyo. Siponji ya matiresi otsika mtengo, ngakhale ikhuthale masentimita atatu, bondo limaipyoza mpaka pansi lisanataye liwiro lake lambiri, ndiye kumenya kwenikweni kumachitikabe kumapeto. Mamilimita analipo, koma sanagwire ntchito.

Yolimba kwambiri nayonso ili ndi vuto lake: siibonyezeka n'komwe, ndiye mtunda woimira sukuwonjezeka. Yabwino ili pakati, ndipo pakatipo pamadalira kulemera kwanu ndi chomwe mukuchita. Njira yoyesera ndi yosavuta. Musadine ndi chala. Iikeni pansi polimba, gwadirani ndi bondo limodzi, ikani thupi lonse pamenepo. Ngati mukumva simenti kudzera m'siponjimo, ibwezeni.

Ma knee pad ambiri amapangidwa ndi EVA, siponji yomwe timaenje take ndi totsekeka, tosalumikizana. Ndi yomwe ija imapezeka m'masilipasi ambiri ndi m'kati mwa soli ya nsapato zothamangira. Siimwa madzi, ndipo ndi yolimbirako. Siponji yotsukira mbale ndi ya matiresi timaenje take ndi totseguka, n'chifukwa chake imamwa madzi, thukuta ndi fungo lomwe. Ena amaikamo gel pakati. Gel siibonyezeka kwenikweni, imangothawira m'mbali motsata bondo, ndiye ndi katswiri pa kugawa pressure kwa munthu wogwada tsiku lonse, koma ndi yolemera ndipo siipereka mamilimita ambiri pa kugwa.

Pali kanthu kena kamene ophunzira anzeru amandifunsa: bwanji osangoikamo sipuling'i? Sipuling'i imasunga energy kenako n'kuibweza yonse, ndiye bondo lingamenye n'kunjanja ngati mpira. Siponji yabwino imabwerera pang'onopang'ono, ndipo gawo lalikulu la energy ija limasanduka kutentha mkati mwake. Energy siinasowe, lamulo la conservation of energy silinaphwanyidwe. Yangosintha mtundu.

Zina zodula, monga za kampani ya ku Britain yotchedwa D3O, zimakhala zofewa mukamayenda koma zimauma mwadzidzidzi zikamenyedwa. Khalidweli mutha kuliona kukhitchini: sakanizani ufa wa kasitadi ndi madzi ozizira pang'ono mpaka zikhale phala lolimba. Lowetsani chala pang'onopang'ono, chimira. Menyani ndi chibakera, chikana ngati thabwa. Mupemphe kaye kwa amayi musanamalize kasitadi wa Khirisimasi.

Chigoba ndi friction

Tibwerere ku ma knee pad a malume aja. Chigoba cholimbacho chili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kulimbana ndi kamwala kaja. Msomali, chidutswa cha tailosi kapena mwala wosongoka ungaboole siponji, koma ukakumana ndi chigoba, force yake imamwazikira pa chigoba chonse kenako n'kulowa m'siponji itagawika kale. Yachiwiri ndi friction. Pulasitiki yolimba imaterera. Osewera skateboard amadalira zimenezi: akaona kuti akugwa pa chitunda chawo chotsetsereka, amadziponya dala pa maondo n'kutsetsereka mamita angapo. Kinetic energy yawo ikutha pa mtunda wa mamita m'malo mwa mamilimita, ndipo chomwe chikupalika ndi pulasitiki, osati khungu.

Ndiye bwanji ndinamukaniza mtsikana uja? Zifukwa zake ndi izi. Choyamba, zija zinapangidwira munthu amene maondo ake ali opinda ndipo akukwawa pang'onopang'ono. Malamba ake amangozigwira kuti zisagwe. Wothamanga ndi kudumpha, zimamutsika kapena kutembenukira kumbali, ndipo pa nthawi yomwe akugwa, chigobacho chimakhala chili pena. M'mphepete mwake molimbamo ndi momwe mungakumane ndi fupa. Chachiwiri, pa volleyball mumagwa moyandikana anthu asanu ndi mmodzi m'kabwalo ka mamita 9 kwa 9. Chigoba chokuteteza iwe ndi chida pa nkhope ya mnzako, ndipo malamulo a masewerowa amaletsa kuvala chinthu chomwe chingavulaze wina. Chachitatu, ndi zolemera ndipo zimakaniza bondo kupinda mwachangu.

Za volleyball zimakhala ngati sokosi yokhuthala yomwe mumalowetsa mwendo, ya nsalu yotamuka, siponji ili mkati. Zimagwira mwendo mozungulira monse, ndiye sizisuntha, ndipo nsaluyo imaterera bwino pa bwalo losalala la m'holo. Ndisakunamizeni: pa mabwalo athu ambiri a fumbi ndi timiyala, nsalu imeneyi siichedwa kung'ambika. Komabe bola ing'ambike nsalu kusiyana ndi khungu. Ndipo kusesa bwalo musanayambe masewero kumachotsa mamiliyoni a ma pascal aja kwaulere.

Nayenso mmisiri amasankha malinga ndi pansi pomwe akugwira. Pa konkire yokhakhala kapena pa malo a zinyalala za zomangira, chigoba cholimba ndicho. Pa matailosi oika kale kapena pansi pa matabwa opolisha, chigoba chimakala pansi ndiponso chimaterera mosafunika, ndiye amavala zokhala ndi kunja kwa labala kapena kofewa.

Zolembedwa pa lebulo

Katundu wina wa pa kaunjika amachokera ku Ulaya, ndipo nthawi zina mupeza kalebulo ka manambala kakadalipo. Manambalawa ali ndi tanthauzo. EN 14404 ndi muyezo wa zotetezera maondo za anthu ogwira ntchito chogwada, womwe unatuluka koyamba mu 2004. Umagawa zinthuzi m'mitundu inayi: Type 1 ndi zomangirira ku mwendo, Type 2 ndi siponji yolowetsa m'thumba la pabondo la thalauzi ya ntchito, Type 3 ndi kamphasa kogwadira kosamangirira ku thupi, ndipo Type 4 ndi zomwe zili mbali ya chipangizo china, monga kampando kokhala ndi zogwirira podzuka. Palinso level. Level 0 ndi ya pansi posalala basi, siiteteza ku zobaya. Level 1 iyenera kukana chosongoka chokankhidwa ndi 100 N, ndipo Level 2 ndi 250 N. Kumbukirani kamwala kathu ka 100 N kaja, muona kuti manambalawa sanangotoledwa.

Mukaona EN 1621-1, chimenecho ndi cha okwera njinga zamoto, ndipo mayeso ake ndi funso la physics lenileni. Amagwetsera chitsulo cha 5 kg pa chotetezeracho kuchokera pa mtunda wa pafupifupi mita imodzi. Energy yake mutha kuipeza pamtima: mgh = 5 × 10 × 1 = 50 J. Kenako amayeza force yomwe yadutsa kufika kunsi. Kuti chikhoze Level 1, avereji isapitirire 35 kN. Level 2 isapitirire 20 kN. Onani kuti ngakhale chokhoza bwino chimadutsitsabe force yaikulu. Achimwene anu a kabaza ya njinga yamoto muwauze zimenezi: chotetezera chimachepetsa, sichifafaniza, ndipo popeza energy imakwera ndi v², liwiro likawirikiza kawiri energy imawirikiza kanayi. EN 14120 ndi ya masewero a timatayala monga skateboard. Ngati palibe lebulo iliyonse, sizikutanthauza kuti chinthucho n'chachabe, koma ndiye kuti woyesa ndinu.

Kukwana kwake

Knee pad yomwe yasuntha ili ngati ambulera yomwe mwaiwala kunyumba. Yezani mwendo wanu ndi tepi ya telala, kuzungulira pamwamba pa bondo pang'ono, chifukwa masaizi a S, M ndi L amasiyana kampani ndi kampani. Poyesa, valani zonse ziwiri, nyonyomalani kakhumi, thamangani pamalo pomwepo, gwadani, dzukani. Ikatsika, ndi yaikulu kapena lasitiki yake inatha. Iyenera kuphimba patella ndi kachitunda ka fupa kamene kali mmunsi mwake, chifukwa pogwada ndi pogwa malo amenewo ndi omwe amafika pansi kawirikawiri.

Kuthina nako ndi vuto, ndipo ndi P = F/A yomweyo. Lamba wopyapyala womangidwa kwambiri amaika force yake pa kamzere kochepa, pomwe kuseri kwa bondo kumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo chakunja kwa bondo, mmunsi pang'ono, kuli mtsempha wa uthenga womwe uli pafupi kwambiri ndi khungu. Phazi likayamba dzanzi kapena kuzizira, masulani msanga. Lamba wotambalala ndi wabwino kuposa wopyapyala, ndipo asakhale pa mpindiko penipeni pa bondo koma mmwamba kapena mmunsi mwake. Zala ziwiri zizitha kulowa pansi pa lambayo.

Za pa kaunjika muziyang'ane bwino pakati pa siponji. Siponji imakalamba: timaenje tija tikaphwanyika kambirimbiri sitidzukanso, ndipo pamatsala chidikha chooneka ngati bondo la mwini wake woyamba. Pamenepo, pomwe mukufuna mamilimita, ndi pomwe palibe. Chigoba chong'aluka musatenge. Mukagula, chapani ndi sopo n'kuyanika pa mthunzi. Dzuwa lamphamvu ndi moto zimaononga siponji ndi lasitiki.

Nanga wopanda ndalama? Pa ntchito yogwada, monga kukolopa, kupalira mbewu pa nazale kapena kukonza njinga, simufunika kugula kanthu. Masilipasi akale awiri osanjikiza, katoni yopinda kangapo kapena thumba lodzaza ndi nsanza zimagwira ntchito ya Type 3 bwinobwino. Ndaonapo anyamata akumangirira zidutswa za tayala ku maondo ndi malegeni. Tayalalo ndi nzeru yabwino pa miyala, koma legeni ndi lamba woipitsitsa amene mungasankhe: ndi wopyapyala, ndipo amafinyabe nthawi yonse. Gwiritsani nsalu yotambalala. Pa masewero ogwa mothamanga, zopanga nokha sindikulimbikitsani, chifukwa kuzigwiritsa pamalo amodzi n'kovuta.

Zomwe siingathe

Knee pad imalimbana ndi force yobwera kuchokera kutsogolo, basi. Kuvulala koopsa kwambiri kwa bondo pa netball, mpira wa miyendo ndi volleyball kumachitika phazi likamatirira pansi thupi n'kupotoloka, kapena munthu akatera moipa podumpha. Pamenepo chomwe chimaduka ndi timinyewa tolumikiza mafupa mkati mwa bondo, monga ACL, ndipo siponji ya kunja ilibe chochita nazo. Chomwe chimathandiza ndi kulimbitsa ntchafu ndi kuphunzira kutera maondo ali opinda, osagwera mkati. Ndiponso wovala knee pad asayambe kugwera maondo dala poti watetezeka. Aphunzitsi a volleyball amaphunzitsa kugwa chogubuduka kapena chotsetsereka kuti thupi lonse ligawane nawo, zomwe ndi kukulitsa A ndi t nthawi imodzi.

Kwa inu a zaka zosinkhukira pali chinanso. Ena mwa inu kachitunda ka mmunsi mwa patella kaja kamatupa n'kumawawa mukathamanga kapena kugwada. Nthawi zambiri ameneyo ndi matenda otchedwa Osgood-Schlatter, omwe amagwira achinyamata okonda masewero pa nthawi yomwe mafupa akukula msanga, ndipo amatha kukula kukaima. Knee pad imachepetsa ululu wa pogwada koma si mankhwala ake, kaonaneni ndi achipatala. Ndipo bondo likatupa, n'kufiira, n'kumatentha, makamaka ngati pali bala kapena thupi likutentha, musaliphimbe ndi knee pad n'kupita ku masewero. Kathumba kaja katha kulowa tizilombo, ndipo zimenezo ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Kayeseni nokha

Umbani timipira tinayi ta dongo lofewa, tofanana kukula, ngati dzira. Gwetsani kalikonse kuchokera pa mita imodzi: koyamba pa simenti, kachiwiri pa chidutswa cha siponji ya matiresi, kachitatu pa silipasi, kachinayi pa siponji ya matiresi yomwe mwaika silipasi pansi pake. Yezani ndi rula kukula kwa malo omwe aphwatalala pa kampira kalikonse. Kenako umbani mipira ina yolemera kanayi, mubwereze. Muone ngati chomwe chinapambana pa timipira topepuka chipambanenso pa yolemera, ndipo mufotokoze chifukwa chake pogwiritsa ntchito zomwe tanena za timaenje.

A Fomu 4, nali lanu. Mmisiri wa 80 kg wagwada ndi bondo limodzi, ndipo bondolo lasenza 70% ya weight yake pa area ya 12 cm². Pezani pressure mu kPa. Kenako pezani area yomwe knee pad iyenera kupereka kuti pressure itsike kufika pa 80 kPa. Samalani posintha cm² kupita ku m², pamenepo ndi pomwe malikisi ambiri amathera. Mayankho tidzaonera limodzi sabata yamawa.

Mtsikana uja anabweza zija kwa malume ake. Loweruka anapita kumsika ndi tepi ya telala m'thumba, ndipo akuti wogulitsa anadabwa kumuona akugwada pa khonde la sitolo ndi bondo limodzi, kenako linalo, asanatulutse ndalama.